M'bindikiro ndi chiyani kwenikweni? Kusiyana kwa njira zotsekera anthu pa nthawi ya mliri

Tikangomva pa wayilesi kuti kwinakwake kwabuka Ebola, mpox kapena kolera, funso limodzi silichedwa kuzungulira pa WhatsApp: "Kodi atitsekeranso?" Mkangano umayambira pomwepo. Wina amati ku Malawi lockdown siidachitikepo chifukwa khoti lidaletsa. Wina amati idachitika, nanga si ana adakhala miyezi yambiri osapita kusukulu, ndipo mu 2021 ankatiletsa kuyenda usiku? Onse awiri akunena zoona. Vuto ndi loti akutchula zinthu zosiyana ndi dzina limodzi.

Mu 2020 mawu oti m'bindikiro adatchuka kwambiri, ndipo ndi mawu athu akale. Namwali amabindikira, ndipo mayi amene wangochira amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Koma chaka chimenecho mawu omwewa adasenza katundu wambiri. Wodwala woikidwa m'chipinda chayekha ankati ali pa m'bindikiro, wobwera kuchokera ku Joni wosungidwa pachipata ankatinso ali pa m'bindikiro, dziko lonse likauzidwa kukhala panyumba ankati m'bindikiro. Kwa achipatala izi ndi njira zosiyana, zogwira ntchito pa matenda osiyana, ndipo mtengo wake kwa munthu wamba ndi wosiyananso kutali.

Akutsekeredwa ndani?

Ili ndi funso loyamba kufunsa, ndipo likayankhidwa chisokonezo chambiri chimatha.

Ngati wotsekeredwayo ndi munthu amene akudwala kale kapena wapezeka ndi kachirombo, achipatala amati isolation, kutanthauza kupatula wodwala. Njira imeneyi si yachilendo kwathu. Akuluakulu amakumbukira kuti wodwala nthomba ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, n'kumasamalidwa ndi munthu amene adadwalapo kale. Odwala khate nawo ankakhala kumalo awo, monga ku Utale ndi ku Mua. Lero mahema osamaliramo odwala kolera kunja kwa chipatala ndi chitsanzo cha njira yomweyi.

Quarantine ndi ya munthu amene sakudwala, koma wakhudzana ndi wodwala kapena wachokera kumene kuli mliri. Amamusunga padera kuti aone ngati matenda aonekere. Masiku ake sangotola m'mutu. Amatengera nthawi imene kachirombo kamatha kubisala m'thupi zizindikiro zisanatuluke, n'chifukwa chake pa Covid-19 poyamba ankati masiku 14, pomwe pa Ebola amati masiku 21. Dzinali lidachokera ku Italy. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik ku Croatia, udalamula kuti obwera kuchokera kumadera a mliri adikire masiku 30 asanalowe mumzinda. Pambuyo pake ku Venice ndi madoko ena masikuwo adakhala 40, omwe m'chinenero chawo amati quaranta.

Njira yachitatu imatsekera dera, osati munthu. Amaitcha cordon sanitaire, mawu a Chifalansa otanthauza mpanda wa zaumoyo. M'kati mwa mpandawo anthu akhoza kuyenda, koma palibe wolowa kapena wotuluka. Alimi a ng'ombe a ku Chikwawa ndi Nsanje amaidziwa bwino njirayi. Kukagwa chigodola, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuika zipata pamsewu kuti ng'ombe kapena nyama zisatuluke m'chigwa. Ng'ombe zabwinobwino zimatsekeredwa pamodzi ndi zodwala, chifukwa cholinga ndi kuteteza zimene zili kunja kwa mpanda. Zikakhala pa anthu, mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo tibwereranso kwa iyo.

Curfew ndi lamulo loletsa kuyenda pa maola ena, kawirikawiri usiku. Kachirombo sikadziwa wotchi, zoona, koma cholinga chake ndi kutseka malo omwera mowa, madansi ndi michezo ya usiku kumene anthu amathithikana.

Ndiye pali lockdown yeniyeni, imene imalamula aliyense, wodwala ndi wosadwala, kuti akhale panyumba pokhapokha akupita kukagula chakudya, kuchipatala kapena kuntchito zofunikira kwambiri. Pakati pa zonsezi pali njira zina zopepukirapo zochepetsa kukumana kwa anthu: kutseka sukulu, kuchepetsa chiwerengero cha anthu kutchalitchi, kumzikiti ndi pamaliro, kuchepetsa okwera minibasi, kutseka zipata za dziko. Boma likhoza kuchita zonsezi popanda kulamula munthu ndi mmodzi yemwe kukhala panyumba.

Masamu a moto wa m'tchire

Akatswiri ali ndi nambala imene amaitcha R. Imanena kuti munthu mmodzi wodwala amapatsira anthu angati. Ngati aliyense akupatsira atatu, atatuwo apatsira 9, kenako 27, kenako 81, ndipo pofika ulendo wa khumi odwala atsopano adutsa 59,000. Koma ngati anthu khumi odwala akupatsira anthu 8 okha onse pamodzi, R ili pansi pa 1 ndipo mliri ukuzilala. Kachirombo ka Covid-19 kamene kadayamba kufala mu 2020 kadali ndi R ya pakati pa 2 ndi 3. Chikuku chimafika pa 12 mpaka 18 pakati pa anthu osabayitsa katemera.

Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Njira zonse zotsekera anthu zili ngati kulambula mozungulira munda kapena nkhalango isanafike nyengo ya lupsa. Kulambula sikuzimitsa moto, kumangoumana udzu woti udumphirepo. N'chimodzimodzi m'bindikiro. Supha kachirombo ndipo suchiritsa munthu. Umachepetsa kukumana kwa anthu kuti odwala asafike kuchipatala onse nthawi imodzi, chifukwa chipatala chimene chingathandize anthu 1,000 pa miyezi itatu chimalephera akabwera onsewo sabata imodzi. Mabedi amatha, mpweya wa okisijeni umatha, anamwino amadwala, ndipo amayamba kufa ngakhale amayi oyembekezera ndi anthu ovulala pa ngozi amene alibe n'komwe mliriwo. Nthawi imene yapezeka mwanjirayi imayenera kugwiritsidwa ntchito: kuyeza anthu, kulondola amene akhudzana ndi odwala, kukonza zipatala, kudikira katemera. Pakapanda zimenezi, tsiku lotsegula moto umapeza udzu uli pomwepo.

Nanga n'chifukwa chiyani Covid-19 idafikitsa mayiko potsekera aliyense, pomwe Ebola, yomwe imapha kwambiri, kawirikawiri imagonjetsedwa popanda kutero? Yankho lili m'kayendedwe ka matendawo. Munthu wa Ebola sapatsira ena zizindikiro zisanaoneke, ndipo imafala pokhudza magazi, masanzi, chimbudzi kapena mtembo. Mukapatula wodwala msanga, mukalondola amene adamukhudza ndi kuika maliro mosamala, mwadula njira yake. Covid-19 imayenda mumpweya, ndipo munthu amatha kupatsira anzake akudzimva kuti ali bwinobwino. Pamene zoyezera zidali zochepa kumayambiriro kwa 2020, maboma sankadziwa woti amupatule, ndiye adapatula onse.

Kolera ndi nkhani inanso. Imayenda ndi madzi ndi chakudya zodetsedwa ndi chimbudzi. Kutsekera banja panyumba pomwe likumwabe madzi a pachitsime chomwe chija sikuthandiza kanthu. Choncho pa kolera mumamva zoletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, zothira klorini m'madzi ndi zochedwetsa kutsegulira sukulu, monga zidachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu Januwale 2023. Ku Lusaka mu Januwale 2018 boma la Zambia lidafika pochotsa mavenda m'misewu mothandizidwa ndi asilikali ndi kuika curfew ku Kanyama, koma nkhondo yeniyeni idali pa madzi ndi zimbudzi.

Kufulumira kumaposa kukhwimitsa

Mliri wa chimfine wa 1918 udasiya phunziro limene akatswiri amalitchulabe. Pa 28 Seputembala chaka chimenecho mzinda wa Philadelphia ku America udalola perete wamkulu, pomwe padasonkhana anthu pafupifupi 200,000 matenda atalowa kale mumzinda. Patangopita masiku ochepa zipatala zidadzaza. Mzinda wa St. Louis udatseka sukulu, matchalitchi ndi malo azisangalalo patangotha masiku ochepa odwala oyamba atapezeka, ndipo imfa zake zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi za ku Philadelphia. Philadelphia nayo idatseka, koma idatseka mochedwa.

Chitsanzo cha zilumba za Samoa ndi chomvetsa chisoni kuposa apa. Mu Novembala 1918 sitima yotchedwa Talune idafika ku Western Samoa kuchokera ku Auckland ili ndi odwala, ndipo idaloledwa kukocheza. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse pazilumbazo adamwalira. Ku American Samoa, komwe ndi pafupi, akuluakulu adatseka doko ndipo chimfinecho sichidaphe munthu.

Mayiko adachita mosiyana mu 2020

Mzinda wa Wuhan ku China, wa anthu 11 miliyoni, udatsekedwa pa 23 Januwale 2020 ndipo udatsegulidwa pa 8 Epulo, patatha masiku 76. Uku kudali kuphatikiza mpanda wa dera ndi lamulo lokhala panyumba. Ndege, sitima ndi mabasi zidaima, ndipo odwala pang'ono ankawachotsa m'mabanja awo kukawasunga m'maholo akuluakulu. Italy idayamba ndi kutchinga matauni ochepa a kumpoto mu Febuluwale, koma kachirombo kadali katadumpha kale mpanda, ndipo mu Malichi dziko lonse lidatsekedwa.

New Zealand idatseka malire ake ndi kulowa m'bindikiro wokhwima pa 25 Malichi odwala akadali ochepa, ndi cholinga chothetseratu kachirombo m'dziko. Zidatheka kwa miyezi yambiri, koma tisaiwale kuti ndi dziko la zilumba, la anthu pafupifupi 5 miliyoni, lopanda njira zachidule zodutsira malire ngati zimene tili nazo ku Mchinji, Dedza kapena Mwanza. South Korea sidalamule dziko lonse kukhala panyumba. Idadalira kuyeza anthu ambiri ndi kulondola mayendedwe a odwala kudzera m'mafoni ndi makadi a kubanki, zomwe zidatanthauza kuti anthu adataya zina mwa zinsinsi zawo kuti asunge ufulu woyenda.

Sweden imatchulidwa kawirikawiri ngati dziko limene silidachite kanthu, koma si zoona. Idaletsa misonkhano ya anthu oposa 50, idasamutsira maphunziro a ana akuluakulu ndi a kuyunivesite pa intaneti, ndipo idapempha anthu kugwirira ntchito kunyumba. Chimene sidachite ndi kulamula anthu kukhala panyumba kapena kutseka sukulu za ana aang'ono. Mu 2020 idataya anthu ambiri kuposa Norway ndi Finland, makamaka m'nyumba zosungira okalamba. Koma powerengera zaka zonse za mliri, imfa zake zoonjezera pa zimene zimachitika chaka ndi chaka zidali zochepa poyerekeza ndi mayiko ambiri a ku Ulaya. Mbali zonse ziwiri za mkanganowu zimapeza umboni ku Sweden, ndipo akatswiri sadagwirizanebe.

Pafupi ndi kwathu, South Africa idayamba m'bindikiro wa masiku 21 pa 27 Malichi, womwe udali m'gulu la okhwima kwambiri padziko. Ngakhale mowa ndi fodya adaletsa kugulitsa. Kenako adakhazikitsa magawo asanu, kuchokera pa 5 wokhwimitsitsa kufika pa 1, kuti azimasula kapena kumangitsa malinga ndi momwe mliri ukuyendera. Amalawi ambiri okhala kumeneko amene ankadalira maganyu adasowa pogwira, n'chifukwa chake mabasi adayamba kuwabweretsa kumudzi. Kenya idasankha curfew, kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa, ndi kutchinga Nairobi ndi madera a kugombe. Tsiku loyamba anthu adaunjikana padoko la Likoni ku Mombasa pothamangira kufika kunyumba nthawi isanakwane, apolisi n'kuwathira utsi wokhetsa misozi. Lamulo lofuna kubalalitsa anthu lidawaunjika pamodzi.

Kuyerekeza mayikowa kumafuna kusamala. Covid-19 imapha kwambiri okalamba, ndiye dziko ngati Italy silingafanane ndi Malawi, komwe pafupifupi theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18. Mayiko amawerenganso imfa mosiyana, ndipo anthu amayamba okha kupewa misonkhano akamva kuti anzawo akufa, lamulo lisanabwere. Kusiyanitsa chimene chachitika chifukwa cha lamulo ndi chimene chachitika chifukwa cha mantha ndi ntchito yovuta kwambiri.

Wotsekeredwa adya chiyani?

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani yonse. Njira ziwiri zikhoza kukhala ndi dzina limodzi ndi masiku ofanana, koma n'kusiyana ngati usana ndi usiku chifukwa cha funso limeneli.

Mu 1665 mliri wa matenda ofala ndi utitiri wa makoswe udalowa m'mudzi wa Eyam ku England. Chaka chotsatira anthu a m'mudzimo, motsogozedwa ndi m'busa wawo William Mompesson, adagwirizana kuti pasakhale wotuluka, pofuna kuteteza midzi yoyandikana nayo. Anthu pafupifupi 260 adamwalira. Mpandawo udagwira chifukwa eni ake adauvomera, komanso chifukwa akunja ankawasiyira chakudya m'malire, iwo n'kumaika ndalama m'vinyo wosasa poganiza kuti amachotsa matenda.

Yerekezani ndi West Point, dera lothithikana la mumzinda wa Monrovia ku Liberia. Pa 20 Ogasiti 2014, Ebola itavuta, anthu adadzuka n'kupeza asilikali atatchinga njira zonse. Mitengo ya zakudya idakwera nthawi yomweyo, padabuka zipolowe, asilikali adaombera ndipo mnyamata wina adamwalira. Ena ankatulukabe mozemba. Mpandawo udachotsedwa patatha masiku 10 okha. Mwezi wotsatira Sierra Leone idalamula dziko lonse kukhala panyumba masiku atatu, kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Seputembala, koma idalengeza pasadakhale ndipo idatumiza anthu pafupifupi 30,000 kuyenda khomo ndi khomo kugawa sopo, kuphunzitsa ndi kufufuza odwala. Ngakhale apo mabungwe ena azaumoyo adadandaula kuti kukakamiza kumachititsa anthu kubisa odwala.

Mu 2020 kusiyanaku kudaonekeranso. Boma la Britain linkalipira magawo 80 pa 100 aliwonse a malipiro a antchito amene adakhalitsidwa panyumba. Ku India, nduna yaikulu Narendra Modi idalengeza m'bindikiro pa 24 Malichi kutatsala maola anayi okha kuti uyambe, ndipo anthu aganyu ochuluka zedi adayenda wapansi mitunda italiitali kubwerera kumidzi kwawo, ena n'kufera panjira. Kukhala panyumba kumatheka kwa munthu amene ali ndi filiji, mpopi wa m'nyumba ndi malipiro a pamwezi. Kwa wakabaza, wogulitsa tomato kapena mayi amene amatunga madzi pakiyosiki ndi kugula ufa wa walkman tsiku ndi tsiku, lamulo lomwelo limatanthauza kugona ndi njala pa tsiku lachiwiri.

Zimene zidachitika ku Malawi

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, odwala oyamba asanapezeke n'komwe. Adapezeka pa 2 Epulo. Kenako nduna ya zaumoyo Jappie Mhango idalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda adachita zionetsero m'mizinda, ponena kuti njala iwapha kachirombo kasanawapeze. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. Boma lidalengeza pambuyo pake thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja ena a m'mizinda, koma m'bindikirowo sudachitike. Mu Seputembala chaka chomwecho khoti lidagamula kuti malamulo ake adali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo lidatsindika kuti boma silingatsekere anthu lisanakonze momwe osauka apezere chakudya.

Choncho lockdown yeniyeni sidachitike, koma njira zina zidachitika. Quarantine idayesedwa, ndipo mu Meyi 2020 anthu oposa 400 obwera kuchokera ku South Africa adathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre akudikira zotsatira za kuyezedwa, ambiri akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Sukulu zidakhala zotseka mpaka Seputembala ndi Okutobala, ndipo kafukufuku wa boma adapeza kuti m'nyengo imeneyo atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Mtengo umenewu suoneka pa chiwerengero cha odwala chimene ankalengeza tsiku ndi tsiku, koma mabanja ambiri akuulipirabe. Uganda idatseka sukulu zake pafupifupi zaka ziwiri, mpaka Januwale 2022.

Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwamphamvu. Nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, zipatala zidasowa okisijeni, ndipo boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera lidaika curfew kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, lidachepetsa maola a misika ndi malo omwera mowa, ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 50. Masana anthu ankapitabe kukasaka ya ndiwo.

Covid-19 itadutsa, njirazi sizidathe ntchito, koma maboma ambiri tsopano amayesa kutchinga dera laling'ono kwa nthawi yowerengeka. Ebola itabuka ku Uganda mu Seputembala 2022, Pulezidenti Yoweri Museveni sadatseke dziko lonse. Mu Okutobala adatchinga maboma awiri okha, Mubende ndi Kassanda, kwa masiku 21, ndipo adaikamo curfew ndi kutseka malo opemphereramo ndi omwera mowa, koma magalimoto onyamula katundu ankaloledwa kudutsa. Lamuloli lidaonjezedwa kawiri ndipo lidachotsedwa pa 17 Disembala. Pa 11 Januwale 2023 adalengeza kuti mliriwo watha, patadutsa masiku 42 opanda wodwala watsopano, omwe ndi masiku 21 aja kuwawerenga kawiri.